Nyalugwe Amene Sanapatukire Apongozi

Kalekale, agogo a agogo ako asanamere ndi dzino limodzi lomwe, kuseri kwa phiri kunali kamudzi. Tsinde la kamudziko anali mayi wokalamba, dzina lake Nachanza.

Nachanza anali ndi pakamwa. Akatsokomola, nkhuku zinkachoka pabwalo. Akaitana munthu, munthuyo ankabwera akudzifunsa kuti walakwa chiyani.

Mwana wake wamkazi, Mtisunge, anakwatiwa ndi mlenje wa kutsidya kwa mtsinje, dzina lake Kamphinda. Kamphinda anadzamanga nyumba kwawo kwa mkazi, nakhala mkamwini pamudzi pa Nachanza. Anabereka ana awiri. Wamkulu anali Kadango, mnyamata woti ndevu zayamba kale. Wamng'ono anali Tionenji, kamtsikana kobwera mochedwa, kongosiya kumene kuyamwa.

Mkamwiniyo Nachanza sankamufuna.

"Mlenje n'chiyani?" ankatero, mokweza kuti mawu adumphe mpanda. "Anzake ali kumunda, iye ali m'thengo kuthamangitsana ndi mphepo. Ndiye ndi mwendo wotsimphinawo!"

Kamphinda ankamva, koma osayankha. Akanayankha bwanji? Masiku amenewo mkamwini sankayang'ana apongozi ake kumaso. Sankadya iwo akuona. Akawaona akubwera panjira, ankapatuka n'kulowa m'tchire, nkhope kumbali, mpaka adutse. Mwambo umenewu Kamphinda sanauphonyepo.

Vuto lake linali pamowa. Akamwa, lilime linkamasuka. Ankadziguguda pachifuwa.

"Ine ndinakhwima! Ndikadzafa musadzataye misozi. Ndidzauka nyalugwe, ndizidzakuyenderani!"

Anthu ankaseka. Ankaseka ndi mano okha, mawuwo ankawasunga mumtima.

Chaka china, nyengo yozizira, chifuwa chinamugwira Kamphinda. Chinamugwira, chinamugwetsa, chinapita naye. Anamuika, analira, anameta.

Tsono m'phirimo munali Nyalugwe. Anali atakalamba, mano atatha. Mwendo wake wina wakutsogolo unali wolumala, chifukwa kale unagwidwa mumsampha wa Kamphinda yemweyo. Gwape ankamusiya kutali. Anyani ankamuseka ali m'mitengo. Njala inamutsitsa m'phiri, inamufikitsa m'bango la pafupi ndi chitsime.

Anagona m'bangomo, phee. Amayi anabwera kudzatunga madzi.

"Kodi a Kamphinda adzaukadi?" anafunsa wina.

"Ankanena okha, ndi pakamwa pawo," anatero mnzake. "Ine ndikamva tswa m'tchire, mtima umangoti ndi iwo."

Nyalugwe anatchera khutu. Anabweranso, anatcheranso khutu. Anamva dzina la Kadango. Anamva dzina la Tionenji. Anamva za mwendo wotsimphina, anamva za mkondo umene malemu anasiyira mwana wawo. Ananyambita milomo.

"Anthu awa andiphikira kale," anatero. "Kwangotsala kupakula."

Tsiku lina dzuwa litapendeka, Kadango ankachokera kudimba, mkondo wa atate ake uli paphewa. Atafika pamkuyu umene unali m'mbali mwa njira, anamva nyimbo.

"Kadango mwana wanga,
Ndauka, ndauka.
Njala ya kumanda njowawa,
Ndauka, ndauka."

Nyalugwe balamanthu panjira, akutsimphina. Kadango anakweza mkondo.

"Kadango," anatero Nyalugwe, "mkondo wanga womwewo ukuulozetsa kwa ine?"

Dzanja la Kadango linalefuka. Mkondo unagwa pansi. Mnyamatayo ankawakonda atate ake, ndipo chiwaikireni mtima wake unali usanakhale pansi. Anagwada panjira pomwepo, misozi ili mbwembwembwe.

"Atate, ndinudi?"

"Ndine. Sindinakuuzeni? Koma njala, mwana wanga. Kanditengere mbuzi."

Kadango anathamangira kumudzi. Anafotokoza. Amayi anagwira pakamwa. Abambo anagwedeza mitu.

"Ankanena! Ankanena okha!"

Palibe amene anafunsa zambiri. Munthu safunsa zambiri pa chinthu chimene wakhala akuchidikira. Anamasula mbuzi, Kadango anakaimanga pamkuyu. Atabwerako anasomeka mkondo kudenga, nati sadzaugwiranso, kuopa kulasa atate ake.

Nyimbo inamvekanso. Mbuzi ina inapita. Inamvekanso. Inanso inapita.

Nachanza magazi anawira. Anatuluka pabwalo, ndodo m'manja.

"Anthu inu, mitu yanu ili ndi madzi? Chimenecho ndi chilombo! Chilombo cha m'phiri! Tengani mikondo mukachiphe!"

Anthu anayang'ana pansi. Kenaka mayi wina anayankhula motsitsa.

"Inu munkawada ali moyo. Lero mukuwada atafa. Asiyeni apume."

Mawu amenewo anamubaya Nachanza, chifukwa theka lake linali loona. Anabwerera m'nyumba akutukwana.

M'mawa mwake anamugwira Kadango pamkono, anamukokera pamkuyu. Anamulozera mapazi a chilombo m'fumbi.

"Penya apa. Atate ako ankatsimphina mwendo uti?"

"Wamanzere, agogo."

"Nanga ichi chikukoka mwendo uti? Si wamanja uwu? Maso uli nawo kapena anangokupaka?"

Kadango anawerama, anayang'ana, anayang'anitsitsa. Anadzuka nkhope ili myaa.

"Kumanda zinthu zimatembenuka, agogo. Lamanzere limakhala lamanja."

Nachanza anaponya ndodo pansi. Anayesa zoopseza.

"Ukatenganso mbuzi m'khola muja, ine ndikadzafa usadzaponye dothi pamanda anga!"

Kadango analira. Analira zenizeni, chifukwa agogo ake ankawakondanso. Atatha kulira, anapukuta misozi, analowa m'khola, anatenga mbuzi.

Ukumva, mphwanga? Iwe amene umati ukakuwa kwambiri ndiye kuti wapambana mlandu, tchera khutu apa. Nachanza anali ndi choonadi m'manja. Anakuwa nacho, analoza nacho, anaopseza nacho. Mbuzi zinkangopita.

Zinapita mpaka m'khola munatsala zingwe zokha.

Nyimbo inamveka. Kadango anapita chimanjamanja, anagwada.

"Atate, mbuzi zatha."

Nyalugwe anausa moyo ngati munthu wachisoni.

"Mbuzi si kanthu, mwana wanga. Chondipweteka ine n'china. Tionenji ndinamusiya asanadziwe kunditchula bwino. Ndamusowa. Mawa dzuwa likapendeka ubwere naye. Udzamusiye pano, iwe udzabwerere. Ndikufuna ndicheze naye ndekha."

Kadango anabwerera kumudzi akumwetulira. Inde, akumwetulira! Kwa iye inali nkhani yokoma, bambo kufuna kuona mwana wake.

Mtisunge anamva nkhaniyo. Anamukumbatira Tionenji. Thupi lake lonse linkakana, koma pakamwa pake panalephera kukana.

"Akufa sakanizidwa," anatero amayi a m'mudzi. "Ukawakaniza adzalowa m'mudzi muno, tidzatha tonse. Ndipo iwe ndiwe yani woti umane bambo mwana wake? Anthu adzati chiyani?"

Mtisunge anapita kwa Nachanza, anagwa pamapazi ake.

"Amayi, ndichite chiyani? Mtima ukuti ayi. Koma ngati ali iwodi?"

Nachanza anatsegula pakamwa kuti akuwe. Anatsekanso. Kukuwa anali atakuwa kale.

Anaganiza zothawa ndi mwana. Athawira kuti ndi miyendo yonjenjemera ija? Akanamupeza asanawoloke mtsinje. Anaganiza zomubisa m'nkhokwe. Mwana akanalira, akanamutulutsa. Kwa nthawi yoyamba chikhalireni, Nachanza anachita mantha.

Kutacha anatenga khasu, anapita kumunda, poti m'nyumba simunkakhalika. Pakhomo anasiya Mtisunge akumusambitsa Tionenji, akumudzoza mafuta a nsatsi, misozi ikugwera m'madzi osambawo.

Kumundako Nachanza anayamba kulimbana ndi kapinga. Udzu umenewu anali ataupalira posachedwa, koma unali utaphukanso, wobiriwira ngati ukumuseka. Anautema ndi mkwiyo. Kenaka anaima. Anataya khasu, anagwada, analowetsa zala m'dothi. Anatsata muzu. Muzuwo unayenda pansi, unayenda, unakatulukira kutali, kumene iye sankatemako n'komwe.

Nachanza anakhala pamzere, muzu uli m'manja.

"Ndine chitsiru chokalamba," anatero. "Ndakhala ndikulimbana ndi mbuzi. Mbuzi ndi masamba chabe. Mwana uja amanyamula mbuzi chifukwa akufuna. Akufuna chifukwa akuchikonda chilombocho. Akuchikonda chifukwa mumtima mwake ndi atate ake. Ndipo ine ndikati si atate ake, iye amamva kuti ndikuwanyozanso."

Anadzuka, anasasa dothi, anabwerera kumudzi. Dzuwa linali pamutu.

Anamupeza Kadango kuseri kwa nyumba akuluka kadengu koti Tionenji anyamulire atate ake mtedza. Nachanza anakhala pansi pafupi naye. Sanakuwe. Kadango anadabwa, anamuyang'ana ngati wadwala.

"Kadango," anatero Nachanza, "atate ako ine sindinawadziwe bwino. Nkhope yawo ndinkaionera kutali. Tandiuza, anali munthu wotani?"

Kadango anayamba mokayika. Kenaka mawu anatseguka. Ananena za mmene ankagawira nyama mudzi wonse, iwo n'kutsala ndi mapazi. Ananena za mmene ankamunyamulira paphewa powoloka mtsinje. Nachanza anamvetsera, osamudula.

"Nanga ine," anafunsa, "ankandilemekeza?"

"Agogo! Mukufunsa? Mwaiwala za paulalo?"

"Ndakalamba. Tandikumbutsa."

"Mtsinje unali utadzaza. Inu munali mutakwera kale pamtengo wowolokera uja, iwo ali pakati, nyama ili pamutu. Pobwerera panalibe. Anadziponya m'madzi, agogo! Nyama inapita ndi madzi, iwo anakatulukira kumunsi atagwira bango."

"Ndakumbuka," anatero Nachanza. "Ndinawatukwana chifukwa cha nyama ija."

"Nanga tsiku lija munatulukira mwadzidzidzi iwo akudya mbatata yootcha? Anaibisa m'khwapa, yamoto. Chipsera anapita nacho kumanda."

Kadango anaseka, misozi ili m'maso. Nachanza sanaseke. Za mbatatazo anali asanazimvepo.

"Ndiye unawaonapo atandiyang'ana kumaso?"

"Ngakhale kamodzi."

"Koma paja unati kumanda zinthu zimatembenuka. Mwina ulemu nawo umatembenuka. Mwina lero akhoza kundiyang'ana tong'o."

Kadango anaika kadengu pansi. Nkhope inafiira.

"Agogo, musawanyoze. Mwendo ukhoza kutembenuka. Khungu likhoza kutembenuka. Koma ulemu wa atate, ayi! Akufa ndiwo amasunga mwambo kuposa ife amoyo. Atate atakuonani panjira, angapatuke ngakhale ali ndi miyendo inayi."

"Wanena wekha," anatero Nachanza.

"Ndanena ndekha."

"Chabwino. Tionenji ndimubereka ine. Ndili nawo mawu apongozi angawo. Ndikawalankhula ndili chapatali, iwo ali m'tchire, monga mwa mwambo."

Kadango anakondwa. Anaganiza kuti agogo ake afewa.

"Chinanso," anatero Nachanza akudzuka. "Tsitsa mkondo uja kudenga. Mwana wa mlenje akuperekeza nkhalamba ndi khanda m'thengo, manja ali lende? Atate ako angachite nawe manyazi."

Kadango anaganiza pang'ono. Anaona kuti n'zoona, atate ake sankayenda m'thengo opanda mkondo. Analowa m'nyumba, anautsitsa, anaupukuta mwaye.

Dzuwa linapendeka.

Mtisunge anamuika Tionenji kumsana kwa Nachanza. Mfundo ya mbereko inkamukanika. Nachanza anamanga yekha, anamanga kawiri.

"Amayi..." anatero Mtisunge.

"Khala chete. Lowa m'nyumba."

Ananyamuka. Nachanza patsogolo, ndodo m'manja, mwana kumsana. Kadango pambuyo, mkondo paphewa. Mudzi wonse unaima m'makonde, palibe wotsokomola.

Anayenda. Anadutsa minda. Anadutsa chitsime. Tionenji ankaimba kanyimbo kake, akusewera ndi imvi za agogo ake. Nachanza ankamva kamtima ka mwanayo kakugunda pamsana pake. Anadziwa kuti mnyamata uja akapanda kuona zimene ayenera kuona, kamtimako sikafika mawa. Anadziwanso kuti iye sangamuonetse. Ayenera kuona yekha.

Mkuyu unaonekera. Nyimbo inayamba.

"Kadango mwana wanga,
Ndauka, ndauka.
Njala ya kumanda njowawa,
Ndauka, ndauka."

Nyalugwe anali atagona pakati penipeni pa njira. Uku tchire, uku tchire, malo opatukira ambirimbiri.

Nachanza anaima. Anatsokomola. Chinali chitsokomolo chomwe chija chothamangitsa nkhuku, chimene Kamphinda akachimva ankasowa ngati walowa pansi.

Nyalugwe sanasunthe.

Nachanza anayenda pang'ono. Anatsokomolanso.

"Apongozi, ndife. Tili panjira."

Nyalugwe anadzutsa mutu. Za apongozi anali asanazimve pachitsime paja. Amayi potunga madzi sakamba zinthu zimene aliyense akuzidziwa kale. Nyalugwe anamuyang'ana Nachanza m'maso, tong'o, osaphethira.

"Fikani pafupi, mayi," anatero. "Fikani ndikuoneni bwino nkhope."

Kumbuyo kuja mapazi a Kadango anaima. Nachanza anamva kuti aima, koma sanacheuke.

"Atate," anatero Kadango, "ndi agogo awa."

"Ndawaona, mwana wanga."

"Atate, ndi apongozi anu. Patukani."

Nyalugwe anadzuka, anadziwongola, anayasamula. Anayamba kubwera, akutsimphina, akutsimphina. Maso ake anachoka pankhope ya Nachanza, anatsikira pakamwendo ka mwana kamene kankalendewera m'chiuno mwa nkhalambayo. Dovu linagwa pansi.

"Agogo, mphaka!" anatero Tionenji, akuloza ndi chala.

Pakamwa pa Nachanza panadzaza mawu. Baya! Baya, chitsiru iwe! Mawuwo anafika pamilomo. Koma anadziwa kuti akangokuwa, Kadango samvanso chilombo, amva agogo ake akunyoza atate ake, ndipo dzanja lilefuka. Analuma mlomo. Analuma mpaka magazi anatuluka. Mayi amene sanakhalepo chete chibadwire, anakhala chete.

Nyalugwe anayandikira. Fungo lake linafika.

"Atate, ndakupemphani!" Kadango analira. "Patukani! Lowani m'tchire!"

Nyalugwe anaona kuti mnyamatayo wavutika, koma sanadziwe chomuvuta. Anati amutonthoze ndi bodza lina lokoma, poti mabodza onse akale anali atamuyendera.

"Ndipatukirenji, mwana wanga? Ine ndi mayi awa tinkakondana. Tinkadyera mbale imodzi."



Nachanza anamva mpweya wa Kadango ukusintha kumbuyo kwake. Anamva mkondo ukuchoka paphewa.

Nyalugwe naye anamva. Anazindikira kuti waphonya penapake, ndipo sanadikire kuti adziwe pamene waphonya. Anabwatama. Anadumpha.

Nachanza sanatembenuke kuti athawe, chifukwa kumsana kunali mwana. Anapereka chifuwa. Anakweza mkono. Zikhadabo zinalowa, zinang'amba kuyambira paphewa mpaka pachigongono. Anagwa chogwada, osalola msana kukhudza pansi.

Mkondo unadutsa pafupi ndi khutu lake. Unalowa m'nthiti za Nyalugwe, khu!

Chilombo chinagubuduka m'fumbi. Chinayesa kudzuka, chinagwa. Kadango anaima pamwamba pake.

"Sindiwe atate anga," anatero. "Atate anga anadziponya mumtsinje."

Nyalugwe anatsegula diso limodzi.

"Usandide kwambiri, mnyamata. Bodza sindinabwere nalo kuchokera kuphiri. Ndinalipeza m'mudzi mwanu, ine ndinangolivala."

Atatero anaponya mwendo, anauma.

Tionenji analira tsopano, kulira kwamphamvu kwa mwana wamoyo. Kadango anamumasula kumsana kwa agogo ake, anamufufuza thupi lonse. Analibe ndi kabala komwe. Anang'amba mbereko, anamanga mkono wa Nachanza. Kenaka anakhala pansi m'fumbi, analira ngati maliro achitika tsiku lomwelo.

"Agogo, atate apitadi. Sabweranso."

Nachanza anamusiya alire. Sanamuuze kuti ndinkanena ine. Mawuwo analipo, okonzeka, koma anawameza. Anaika dzanja labwinolo pamutu pa mdzukulu wake.

"Anapita kale, mwana wanga. Koma lero apulumutsa mwana wawo. Si ine, si mkondo. Ndi iwo."

Anthu a m'mudzi anamva kulira, anabwera akuthamanga. Mtisunge anafika patsogolo pa onse, anamulanda Tionenji, anamupanikiza pachifuwa. Abambo anazungulira chilombo, anachitembenuza ndi ndodo.

"Taonani mwendo uwu! Chipsera cha msampha ichi!"

"Ndiponso ndi wamanja. Malemu ankatsimphina wamanzere."

"Ine ndinkakayika kale," anatero mayi yemwe uja amene anati asiyeni apume.

Maso ake omwe aja, mphwanga. Mwendo wake womwe uja. Dzana sankaona kanthu, lero aliyense katswiri wa mapazi a nyama. Nachanza anawayang'ana, anafuna kulavula, koma mkono unkawawa kwambiri.

Bala linapola, koma mkonowo sunawongokenso. Pakamwa napo sipanathe, usaganize kuti nkhalamba ija inasanduka nkhunda. Nkhuku zinkathawabe. Koma dzina la Kamphinda silinatulukenso m'kamwa mwake ndi chitonzo.

Njira ya kumunda kwake inkadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya manda. Tsiku loyamba kupitanso kumunda, Tionenji ankamutsata pambuyo atanyamula kachikho ka madzi. Atafika moyang'anana ndi pamene anaika Kamphinda, Nachanza anaima. Anapatuka m'njira. Analowa m'tchire, nkhope kumbali, minga ikumukola nsalu. Anazungulira, anakatulukira kutsogolo.

"Agogo, mukuthawa chiyani?" anafunsa Tionenji.

"Sindikuthawa. Ndikupatukira apongozi anga. Iwo anandipatukira zaka zonse, ine ndikuwalipira ndi mwano. Tsopano ndi nthawi yanga."

Anachita zimenezo popita, anachita pobwera, mpaka tsiku limene anamunyamula kupita naye m'nkhalango momwemo.

Ndiye umve, mphwanga. Manja a munthu satumidwa ndi khutu, amatumidwa ndi mtima. Chimene wakhulupirira ndicho chimamuuza chokonda, chokondacho chimamuuza chofuna, chofunacho ndicho chimanyamula mbuzi kapena mkondo. Nyalugwe anazidziwa zimenezi, anadya khola lonse osathamanga. Nachanza anazidziwa mochedwa, zinamudyera mkono. Ukafuna kubweza munthu panjira yoipa, usayambe ndi kumulanda katundu ali m'manja. Khala pansi, umufunse chimene amachilemekeza kuposa zonse, umulole achinene ndi pakamwa pake. Ukatero luma mlomo, ngakhale utuluke magazi.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pamkuyu pomwepo.